Chigayo chakale choyendera madzi ku Mount Vernon: ufa wa chimangawo unali wa yani?

Bambo Phiri:

Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna tikambirane za chigayo chakale choyendera madzi chimene chili ku Mount Vernon, m'chigawo cha Virginia ku America, pamunda umene unali wa George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo. Ndinakachiona chikugwira ntchito, ndipo pali funso limene lakhala likundivuta mumtima kuchokera pamenepo.

Chigayochi chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 5 kuchokera kunyumba yaikulu ya Washington, pafupi ndi kamtsinje kotchedwa Dogue Run. Chinamangidwa ndi miyala m'zaka za 1770 ndi 1771, mwini munda atasiya kudalira fodya n'kuyamba kulima tirigu wambiri, chifukwa fodya anali atagugitsa nthaka ndipo ndalama zimene ankapeza kwa amalonda a ku London sizinkamukhutiritsa. Nyumba imene alendo amalowamo lero si yoyambirira ija ayi. Yoyambirirayo inagumulidwa cha m'ma 1850, ndipo boma la Virginia linamanganso ina pamalo omwewo m'zaka za 1932 ndi 1933, pokumbukira kuti panali patatha zaka 200 Washington chibadwire.

Madzi amabwera ndi ngalande n'kugwera pa gudumu lalikulu lamatabwa, lotalika pafupifupi mamita 5, limene lili m'kati mwa nyumba momwemo. Wogaya atatsegulira madzi, gudumulo linayamba kutembenuka pang'onopang'ono, magiya amatabwa n'kulumana mano, ndipo thabwa limene ndinapondapo linkanjenjemera mpaka ndinkamva m'mawondo. Posakhalitsa ufa unayamba kuyoyoka m'bokosi lapansi, wofunda ukaugwira, wokhakhala pang'ono pakati pa zala, ukununkhira chimanga chenicheni.

M'chigayomo muli miyala yopera ya magulu awiri. Gulu loyamba linali la miyala yodula yochokera ku France, ndipo ntchito yake inali kupera tirigu kuti patuluke ufa wosalala umene unkalongedwa m'migolo n'kutumizidwa pa sitima zapamadzi ku zilumba za West Indies ndi ku Ulaya. Gulu lachiwiri linali la miyala ya ku Germany imene inkadziwika ndi dzina la mzinda wa Cologne, ndipo iyi ndi imene inkagaya chimanga. Ufa wambiri wa chimangawo sunkapita kutali, unkadyedwa pamunda pomwepo ndi m'makomo oyandikana nawo. Funso langa ndi ili: anthu akamanyadira mwambo wakale wogaya chimanga ku America, kodi mwambowo ndi wa yani kwenikweni, wa mwini chigayo kapena wa anthu amene ankadya ufawo tsiku ndi tsiku?

Bambo Mwale:

Zikomo Bambo Phiri potibweretsera nkhani imeneyi. Anzathu asanayankhe funso lanu, ndiloleni ndifotokoze za miyalayo, chifukwa ambiri amaganiza kuti imangokhulana mpaka chimanga chitasanduka ufa, pamene zoona zake n'zakuti siyenera kukhudzana n'komwe. Mwala wapansi sugwedezeka. Wapamwamba ndi umene umazungulira, utakhazikika pa chitsulo chodutsa pakati pa wapansiwo, ndipo pakati pa iwiriyi pamatsala kampata kochepa kwambiri kamene wogaya amakakuza kapena kukachepetsa malinga ndi ufa umene akufuna. Pankhope ya mwala uliwonse amasemapo tingalande tochokera pakati kulowera m'mphepete. Wapamwamba ukamazungulira, tingalande take timapingasana ndi ta wapansi monga mmene sizasi imadulira nsalu, motero njere imadulidwa n'kumakankhidwira kunja ikucheperachepera mpaka kukatulukira m'mphepete ili ufa. Tingalande tomweto timalowetsanso mpweya woziziritsa ufawo kuti usapse.

Chimanga chimathiridwa m'bokosi lapamwamba lopapatiza kumunsi, n'kutsikira pa kathabwa kopendekeka kamene kamagogodedwa ndi kachitsulo kozungulira limodzi ndi mwala. Mwala ukathamanga, kugogodako kumachuluka ndipo njere zimagwa zambiri, ukafooka zimagwa zochepa, kotero chigayo chimadzipimira chokha chimanga chimene chingathe kugaya. Komabe wogaya sachoka pamalopo, chifukwa ntchito yake amaigwira ndi khutu, mphuno ndi zala. Chimanga chikatha m'bokosi miyala ikuzungulirabe, imayamba kukhulana, pamamveka fungo la mwala wopsa ndipo pamathetheka moto, chomwe ndi chinthu choopsa kwambiri m'nyumba yodzaza fumbi la ufa. Mu 1878 chigayo chachikulu cha tirigu cha Washburn A ku Minneapolis chinaphulika chifukwa fumbi la ufa linayaka, ndipo anthu 18 anafa.

Tingalande tija timabuntha, ndiye nthawi ndi nthawi mwala wapamwamba, umene umalemera kuposa tani imodzi, amaunyamula ndi kuutembenuza chagada kuti mmisiri ausemenso ndi nyundo yachitsulo yakuthwa mbali zonse ziwiri. Miyala ya ku France imene mwatchula ija sikhala mwala umodzi wathunthu. Imapangidwa ndi zidutswa zokumbidwa kudera la La Ferté-sous-Jouarre, zolumikizidwa bwino ndi kumangidwa ndi malamba achitsulo, ndipo inkakondedwa chifukwa imachedwa kubuntha komanso siphwanya kwambiri makoko a tirigu, zomwe zinkachititsa kuti ufa ukasefedwa uyere bwino.

Mayi Nabanda:

Bambo Mwale mwafotokoza momveka, koma ine ndibwerere ku funso la Bambo Phiri, chifukwa yankho lake lili m'mabuku a pamunda pomwepo. M'chaka cha 1799, chimene Washington anamwalira, ku Mount Vernon kunali akapolo 317, ndipo chakudya chimene munthu wamkulu wogwira ntchito ankapatsidwa patsiku chinali ufa wa chimanga pafupifupi lita imodzi pamodzi ndi nsomba zochepa zothiridwa mchere. Anthu amenewa ndi amene ankalima tirigu, kumukolola ndi kumupuntha, koma ufa wake wosalala unkawadutsa pamaso uli m'migolo. Choncho miyala ya magulu awiri ija sikuti imangosonyeza luso la umisiri ayi, imasonyeza mmene anthu anagawidwira, ena kukhala ogulitsa ndi ogula, ena kukhala odyetsedwa zongokwanira kuti mawa adzukenso kuntchito.

Ngakhale luso la m'chigayomo silinali la azungu okha. Washington ankalemba ntchito wogaya wamkulu wolipidwa, koma pambali pake pankagwira ntchito akapolo aluso, monga Ben, amene zolembedwa za pamundapo zimamutchula kuti anali wogaya, komanso ena amene ankapanga migolo. Mwa anthu 317 aja, a Washington mwini anali 123, ndipo awa anawalembera ufulu mu wilo yake. Ambiri mwa otsalawo anali mbali ya chuma cha banja la Custis, la mwamuna woyamba wa mkazi wake Martha, ndipo mayiyo atamwalira mu 1802 anagawidwa kwa zidzukulu zake, mabanja ena n'kulekanitsidwa. Ine ndikamva phokoso la chigayo chotere, amenewa ndiwo anthu amene ndimayamba kuwaganizira.

Bambo Tembo:

Mayi Nabanda, zonse mwanenazi n'zoona ndipo sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Chimene ndikuopa n'chakuti tingatenge chigayo cha munthu mmodzi wolemera n'kuchiyesa chithunzi cha zigayo zonse za ku America. Cha Washington chinali cha malonda, pamene zambiri zinali zing'onozing'ono, zothandiza alimi osauka a m'dera limodzi, ndipo kwa iwowo chimanga sichinali chakudya cha anthu apansi, chinali chakudya cha aliyense.

Kumapiri a Great Smoky, m'malire a Tennessee ndi North Carolina, tirigu sankachita bwino ngati chimanga, ndipo mabanja ena ankadzimangira tizigayo tawo pamitsinje yothamanga, tokhala ndi gudumu logona chafufumimba pansi pa mwala, topanda magiya n'komwe. Zigayo zokulirapo zilipobe mpaka lero ndipo anthu amakaziona: cha Cable ku Cades Cove, chomangidwa cha m'ma 1870, ndi cha Mingus pafupi ndi tauni ya Cherokee, cha 1886, chimene sichiyendera gudumu lamatabwa koma injini yachitsulo yozungulitsidwa ndi madzi. Mlimi ankabwera ndi thumba lake pa kavalo, ndipo sankalipira ndalama, koma wogaya ankatapa gawo lake pa chimanga chomwecho, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo 8. Mwambo womwewu unkagwiranso ntchito kwa oyandikana ndi Washington akabwera kudzagayitsa. Popeza aliyense ankadikira nthawi yake, pachigayo ndi pamene anthu ankamvera nkhani, kugulitsana ziweto ndi kukambirana za m'dera. Mwambo umenewu nawonso ndi weniweni, ndipo sindikufuna kuti utayike m'zokambirana zathu.

Mayi Nabanda:

Mwalankhula mwanzeru Bambo Tembo, ndipo ndavomera kuti chithunzicho n'chachikulu kuposa munda umodzi. Koma ngati tikuchikuza, tichikuze mpaka pachiyambi, chifukwa azungu onsewo, olemera ndi osauka omwe, chimanga anachipeza m'manja mwa eni nthaka. Mbewuyi inawetedwa kumwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte, ndipo pamene Angelezi ankafika ku Jamestown mu 1607, anthu a mtundu wa Powhatan anali akuilima kale, moti atsamundawo anapulumuka njala kangapo ndi chimanga cha eni nthakawo.

Apa pali mfundo imene imandikhudza kwambiri monga munthu wokonda nkhani za kadyedwe. Amayi a mitundu yambiri ya ku America sankangosinja chimanga mumtondo kapena kuchipera pamphero chili chouma, ankayamba achiphika m'madzi a phulusa kapena a laimu. Madzi amenewa amafewetsa khoko, koma chachikulu n'chakuti amamasula niacin, amene ndi vitamini B3, yemwe m'chimanga chosaphikidwa motero amakhala womangika ndipo thupi limalephera kumutenga mokwanira. Azungu anatenga mbewu n'kuipititsa ku miyala imene anazolowera kuperera tirigu, koma njira ya phulusa ija ambiri anaisiya. Zotsatira zake anali matenda a pellagra, amene amayamba ndi zilonda zakuda pakhungu lowombedwa ndi dzuwa, kenako kutsegula m'mimba, kusokonezeka mutu, ndipo pamapeto pake imfa. Dokotala Gaspar Casal anawazindikira pakati pa alimi osauka odya chimanga ku Spain mu 1735, ndipo anavutitsanso kumpoto kwa Italy kwa nthawi yaitali.

Kumwera kwa America matendawa anafika poipa kwambiri pakati pa 1906 ndi 1940, pamene anthu pafupifupi 3 miliyoni anadwala ndipo pafupifupi 100,000 anamwalira, ambiri mwa iwo alimi obwereka minda ya thonje, akuda ndi azungu omwe, amene ankadalira ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi a nzimbe. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti ndi matenda opatsirana, mpaka Joseph Goldberger, amene boma linamutuma kukafufuza mu 1914, anasonyeza m'nyumba zosungira ana amasiye ndi m'ndende ku Mississippi kuti gwero lake ndi chakudya, ndipo kuti mkaka, nyama ndi nyemba zimawathetsa. Iye anamwalira mu 1929 asanadziwe chenicheni chimene chinkasowa, ndipo ndi Conrad Elvehjem wa ku yunivesite ya Wisconsin amene anapeza mu 1937 kuti ndi niacin.

Mayi Nankhoma:

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndili ndi funso kwa Bambo Mwale ndi Mayi Nabanda. Ngati zigayo za miyala zinalipo kwa zaka zoposa 200 mliriwo usanabuke, n'chifukwa chiyani matendawa anachuluka chonchi itangodutsa 1900? Kodi tinganene kuti ufa wa pamiyala unkawateteza anthu, ndipo zigayo zatsopano ndi zimene zinabweretsa vutolo?

Bambo Mwale:

Funso lanu n'lofunika, Mayi Nankhoma, ndipo mbali ina ya yankho lake ili m'makina. Mwala umagaya njere yonse pamodzi, khoko, chakudya cha m'kati ndi kamtima kamene kamamera, ndiye chimene chimatuluka ndi mgaiwa, wogaya n'kungosefa gaga wokhakhala. Kamtima kaja kali ndi mafuta, n'chifukwa chake ufa wotere umakoma, koma mafuta omwewo amauchititsa kuti uyambe kununkha ndi kuwawa ukakhalitsa, makamaka kukamatentha. Pamene chigayo chinali pafupi ndipo banja linkagayitsa pang'onopang'ono, limeneli silinali vuto. Linakhala vuto njanji zitafika, amalonda atafuna ufa woti uyende ulendo wautali ndi kukhala miyezi m'sitolo.

Kuyambira m'ma 1870 zigayo zazikulu zinayamba kusiya miyala n'kugwiritsa ntchito zitsulo zobulungira zozungulira moyang'anizana, njira imene inakula ku Hungary isanafike ku Minneapolis. Kenako, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kunabwera makina a Beall okonola chimanga ndi kuchotsa kamtima kaja chisanagayidwe. Ufa wake ndi misere yake zinkasungika nthawi yaitali ndipo zinali zotsika mtengo, koma mbali ina ya zomanga thupi inkatsalira m'madeya opita ku ziweto. Akatswiri ena a mbiri ya matendawa amaona kuti kusintha kumeneku kunathandizira kuti mliri ubuke pa nthawi imeneyo, popeza anthu amene anali kale pamalire a kuperewera zakudya anayamba kudya ufa wogula wochotsedwa kamtima.

Mayi Nabanda:

Ndiwonjezerepo kuti tisathamangire kunena kuti ufa wa pamiyala ndi mankhwala. Alimi a ku Spain ndi ku Italy aja ankadya ufa wa pamiyala, komabe ankadwala, chifukwa niacin wa m'chimanga amakhalabe womangika kaya chagayidwa ndi mwala kaya ndi chitsulo. Chimene chinkapha anthu ndi umphawi umene unkawasiya ndi chakudya cha mtundu umodzi, eni minda akuwakakamiza kudzala thonje mpaka pakhomo osasiya malo a dimba kapena a ng'ombe ya mkaka. Matendawa anatha m'zaka za m'ma 1940, pamene anayamba kuthira mavitamini mu ufa ndi buledi, ndiponso pamene anthu anayamba kupeza ndalama zogulira zakudya zosiyanasiyana.

Bambo Phiri:

Ndathokoza nonse, mwanditsegula maso pa zambiri. Ndinene mwachilungamo kuti ofotokozera alendo pamalopo sabisa za ukapolo, ndipo amawatchula mayina anthu amene ankagwira ntchito kumeneko. Pafupi ndi chigayo pali nyumba yotchezera mowa wa whiskey imene Washington anayambitsa mu 1797 atalangizidwa ndi kapitawo wa minda yake, James Anderson wa ku Scotland. Mu 1799 inatulutsa magaloni pafupifupi 11,000, ndipo gawo lina la zophikira mowawo linali chimanga chogayidwa pa miyala ya Cologne yomwe ija. Ntchito yotentha ya pamoto ndi yonyamula madzi owira inkagwiridwa ndi akapolo 6, amene mayina awo ndi Hanson, Peter, Nat, Daniel, James ndi Timothy.

Chinanso chimene sitinachikhudze ndi makina a Oliver Evans wa ku Delaware. Mu 1790 iye analandira chiphaso chachitatu chotetezera luso latsopano m'mbiri ya dzikolo, chosainidwa ndi Washington yemweyo monga pulezidenti, ndipo chaka chotsatira Washington anaika makinawo m'chigayo chake. Gudumu lomwe lija limayendetsa malamba okhala ndi tizitini tonyamula tirigu kupita naye pamwamba, n'kumutsitsira ku miyala, kenako kukwezanso ufa kupita pamene chipangizo chozungulira chimauyala kuti uzizire usanalowe m'chosefera cha nsalu. Ntchito imene inkafuna anthu ambiri onyamula matumba pamakwerero inatsala ya anthu awiri okha. Koma ndinaona kuti luso lonseli linalunjika pa tirigu wa malonda, pamene njira ya chimanga inakhalabe yachidule, kuthira pamwamba ndi kutapa pansi.

Bambo Tembo:

Pali chinthu chimodzi chimene chikundikayikitsabe, Bambo Phiri. Mwanena nokha kuti nyumba ya chigayoyo ndi ya 1933, ndipo yotchezera mowa ija inapsa mu 1814 n'kumangidwanso mu 2007. Kodi munthu akaima mmenemo akuona mbiri, kapena akuona mmene anthu a m'zaka zathu zino akuganizira kuti mbiriyo inalili? Ine ndimakhulupirira kwambiri chigayo ngati cha Mingus, chimene nyumba yake ndi yomwe ija ya 1886, ngakhale nayo inakonzedwapo.

Bambo Mwale:

Nkhawa yanu ndikuimvetsa, Bambo Tembo, koma pa chigayo cha madzi malire a chakale ndi chatsopano ndi ovuta kuwajambula. Gudumu lamatabwa limene limanyowa ndi kuuma limawola pakapita zaka, mano a magiya amatha n'kukhomedwa ena, ndipo mwala umaphwa pang'ono nthawi iliyonse ukasemedwa, moti ngakhale Washington ali moyo zipangizo zimenezi zinkakonzedwa ndi kusinthidwa. Gudumu likangokhala osayenda, mbali yapansi imamwa madzi n'kulemera kuposa yapamwamba, ndipo tsiku lolitsegulira limayenda modumphadumpha n'kuwononga magiya. N'chifukwa chake bungwe la Mount Vernon Ladies' Association, limene limasamala malowa, litakonzanso chigayochi n'kuchitsegula mu 2002, linasankha kuti chizigaya ndithu ndipo ufa wake uzigulitsidwa, osati chizingoonetsedwa chili chiimire. Kuti chizigaya pamafunika munthu wodziwa kusema tingalande ta pamwala, wodziwa mtengo woyenera kusemera dzino la giya, ndi wotha kuzindikira ndi zala kuti kampata ka pakati pa miyala kakula kapena kachepa, ndipo amisiri otere masiku ano atsala owerengeka. Bambo Phiri, ngati munafunsa kuti amene amasema miyala ya pamenepo anaphunzira kwa yani, chonde tiuzeni, chifukwa ndikufunitsitsa kudziwa ngati pali achinyamata amene akuphunzitsidwa ntchitoyi.